Ndinawauza Kuti Wodwala Ndine

Lolemba, 15 November 2010

Pepani, inu amene mungadzatsegule kabuku aka mwangozi. Sindikulemba kuti ndivutitse munthu. Sukulu ndinalekeza Sitandade 7, ndiye ndimalemba pang'onopang'ono, ndikalakwitsa n'kufufuta. Ndangosowa poika mawu.

Drumcondra, kuno kwa azungu, chipinda chathu chapamwamba. Mvula chiyambire m'mawa.

Amuna anga, a Ellard, sali bwino. Eya, ndalemba. Aka n'koyamba kuzinena, ngakhale papepala.

M'thupi mulibe vuto. Sakutsokomola, sakutentha. Koma kuyambira September, pamene bambo awo anamwalira kwathu ku Ulongwe, munthu uja anangozima. Kumaliro sanapite. Tikiti inali yodula kuposa ndalama ya scholarship ya mwezi wonse, ndipo amayi awo anati asabwere, amalize kaye sukulu. Mwana woyamba kubadwa, maliro a bambo ake kuwamvera pa foni. Mng'ono wawo anakweza foni m'mwamba kumanda kuja, mayunitsi n'kutha nyimbo ili pakati. Sanalire tsiku limenelo. Mpaka lero sanalire.

Amadya ngati mwana. Ndevu osameta. Amayi awo akaimba, amangoiyang'ana foni mpaka kusiya kulira. Thesis yawo ikufunika mu March, ndipo akapanda kumaliza tidzabwerera kwathu chimanjamanja, zaka zitatu zitapita pachabe.

Lero ndinapita kukagula mkaka, ndinadzera ku Griffith Park. 11 koloko. Ndinawaona pa benchi pafupi ndi mtsinje, chikwama pamiyendo, chosatsegula. Anachoka pakhomo 8 koloko akuti akupita ku library. Ndinabisala kuseri kwa mtengo ngati wakuba ndine.

Madzulo ndinafunsa kuti kusukulu kunali bwanji. Anati, "Bwino, Tupo, tagwira ntchito." Ine ndinati zikomo.

Lachinayi, 18 November

Mabasi awiri mpaka ku Blanchardstown, kukaluka tsitsi la Mayi Lister. Ndi namwino, kwawo ku Zambia, timapemphera mpingo umodzi. Msinkhu wa azakhali anga. Kuno pepala langa silindilola kugwira ntchito, ndiye ndimaluka amayi akutchalitchi, amandipatsa kangachepe.

Munthu akakupatsa nkhongo, kulankhula kumaphweka. Ndinali pa mzere wachitatu pamene ndinayamba, ndipo pofika pakati pa mutu ndinali nditanena zonse.

Kwathu ndikanapita kwa ankhoswe. Malume awo a Ellard akanabwera, kukhala nawo pansi, nkhani n'kuyenda popanda ine kutsegula pakamwa. Ndinafunsa ngati amuna awo a Mayi Lister angachite zimenezo. Anaseka mpaka tsitsi linandipulumuka m'manja. "Iwe Tupo, ba Kebby banga? Ukawauza chinthu kuseni, kumadzulo church yonse yadziwa, na choir yapanga na nyimbo!"

Kenako anasiya kuseka. Anati zimenezi amaziona kuntchito, dzina lake depression, ndipo munthu amachira. Pemphero n'lofunika, koma pakufunikanso munthu amene anaphunzira ntchito yomvetsera anthu otere. Anatinso, "Mwamuna wa ku Malawi na wa ku Zambia ni chimodzi chabe. Excuse yoyamba ni ndalama. Manje iwe yamba watseka chitseko icho. Ona insurance yanu ngati ilipira."

Pobwerera ndinawerenga mashopu otsekedwa mumsewu umodzi wokha: asanu ndi limodzi. Pa wailesi akuti dziko lino likufuna kubwereka ndalama kunja. Sindinkadziwa kuti nawonso kuno zimawagwera.

Lamulungu, 21 November

Kabuku ka inshuwalansi ndinakapeza mu sutikesi pansi pa bedi, mu envelopu ya khaki ya mapepala a scholarship. Masamba 48. Ndakawerenga masiku atatu, a Ellard akachoka, ndi dikishonale yawo ndi pensulo. Liwu lililonse lachilendo ndimalilemba mzere pansi, osapitirira mpaka nditalimvetsa.

Ndinkaganiza kuti munthu wothandiza za maganizo ndi mmodzi. Ali atatu. Ndikopere bwinobwino:

Psychiatrist. Dokotala weniweni, amapereka mankhwala.

Psychologist. Anaphunzira za maganizo a munthu zaka zambiri. Sapereka mankhwala, mumakambirana.

Counsellor. Amamvetsera ndi kulangiza. Ngati nkhoswe, koma wosadziwa abale ako.

Pambali pa aliyense pali kanyenyezi. Kanyenyeziko kamakutumiza ku tizilembo tating'ono pansi pa tsamba, tizilemboto n'kukutumizanso ku tsamba 41, ndipo tsamba 41 likuti zimadalira plan yanu, imbani foni. Masiku atatu kuti andiuze kuti ndiimbe foni!

Ku koleji kwawo kuli counsellor waulere, ndikudziwa. Koma chaka chatha, tikukamba za mnzawo wina, a Ellard anati, "Chitseko chake chinayang'anizana ndi cha library. Munthu akangolowa, tsiku lomwelo tonse tadziwa." Kumeneko sangapite. Sindingawapemphe n'komwe.

Kutchalitchi anakhala pambali panga, buku la nyimbo lili chotsegula, milomo osagwedezeka. Munthu amene ankaimba besi mpaka ana kutembenuka.

Lachiwiri, 23 November

Ndaimba.

Mafunso ndinalemba dzulo m'Chingerezi, asanu, ndipo ndinawayeserera mokweza nditayang'ana khoma. Ulendo woyamba anayankha makina, dinani 1, dinani 3, ine n'kudula. Wachiwiri anayankha munthu, ndinadulanso. Ndinamwa madzi. Wachitatu ndinagwira tebulo ndi dzanja linalo kuti lisadule.

Mayi wake dzina lake Annie. Ndinamupempha kuti azilankhula pang'onopang'ono, ndipo anaterodi, osausa moyo. Anafunsa nambala ya khadi, ndinawerenga. Kenako anafunsa kuti wofuna thandizoyo ndani.

Funso limeneli silinali papepala langa.

Ndinayang'ana dzina la a Ellard pakhadi. Pa chilangizo cha ukwati amayi olangiza anandiuza kuti mkazi savula mwamuna wake pamsewu. Ndinauza kale Mayi Lister, ndipo mpaka pano zikundilemera. Nanga kuuza kampani, yolemba zonse mu kompyuta? Inshuwalansi imeneyi amalipira ndi eni scholarship. Bwanji atakaona kuti wophunzira wawo mutu sukuyenda, n'kunena kuti abwerere? Sindikudziwa ngati zimatero. Nthawi yofunsa panalibe.

Ndinati ndine.

Mawu a Annie anafewa. Anati ndachita bwino kuimba, ambiri amadikira mpaka zitafika poipa. Ananditchula "love". Ndinachita manyazi kulandira chifundo cha mwini wake.

Mayankho, monga ananenera pa plan yathu. Psychiatrist amalipira, koma pakhale kalata ya dokotala wathu, ndipo mzere wake ndi wautali. Counsellor salipira ngakhale pang'ono. Psychologist amabweza theka, maulendo asanu ndi atatu pa chaka, koma akhale wa pamndandanda wawo. Wosakhala pamndandanda, ngakhale akhale wabwino chotani, ayi. Ndinamupempha kuti abwereze, ine ndikulemba, kenako ndinamuwerengera zimene ndalemba. Anati sindinaphonye kanthu.

Anandipatsa mayina atatu a pafupi. Anati zonsezi atumizanso pakalata. Palibe vuto, wapositi amafika cha m'ma 10, a Ellard atachoka. Ndizidikira pakhomo.



Lachisanu, 26 November

Mayina atatu aja.

Woyamba ali konkuno, nyumba zinayi kuchokera pa geti ya koleji. Sindinaimbe n'komwe.

Wachiwiri, bambo wa mu tauni. Mlembi wake anati malo kulibe mpaka February. Chiyambire anthu kuchotsedwa ntchito, akuti foni sikupuma.

Wachitatu, mayi wa ku Balbriggan. Anayankha yekha. Mawu otsika, osathamanga, ngati munthu amene wakhala pansi. Ndinamufunsa kawiri ngati ali psychologist, osati counsellor, ndiponso ngati ali pamndandanda wa kampani yathu. Anaseka pang'ono, anati eya zonse ziwiri, ndipo akanakonda anthu onse akanamafunsa chonchi asanabwere. Wina wasiya malo, Lachisanu pa 10 December, 2 koloko. 80 euro, theka lidzabwerera. Mitu iwiri yoluka pa mwezi, zitheka.

Balbriggan n'kutali, pa sitima kuchokera ku siteshoni ya Connolly. Wa ku koleji sangakaoneko munthu. Ndipo a Ellard amakonda sitima, amakhala cha kuwindo ngati mwana wasukulu.

Anafunsa dzina. Ndinapereka langanso. Ndidzasintha ndikapeza mawu owauzira. Kwatsala masabata awiri, mawu apezeka.

Lolemba, 29 November

Chipale! Chinayamba Loweruka. Denga, magalimoto, zinyalala za pakhomo, zonse mbuu ngati ufa woyanika. Mabasi akuyenda mokwawa. A Ellard sanatuluke.

Ndinatapa pang'ono pawindo n'kuwaika m'khosi. Anadzidzimuka, anati, "Iwe mwana wa a Mdala, ufuna undiphe?" Pakona pa mlomo panagwedezeka. Sikunali kuseka, koma kunali pafupi. Ndakusunga.

Ndakhala ndikukumbuka mmene anayambira. Ine ndikugulitsa tomato pa benchi ya amayi ku Ulongwe, iwo mphunzitsi watsopano wa ku sekondale. Tsiku lililonse mulu umodzi. Amayi anati mphunzitsi ameneyu kaya amadya tomato yekhayekha. Atapeza scholarship anthu anandiuza poyera kuti basi, akakapeza wophunzira mnzawo kumeneko. Patatha chaka ananditumizira tikiti. Sabata yoyamba kuno anandikweza basi iliyonse yodutsa mu Drumcondra, akundiphunzitsa kuwerenga nthawi pachikwangwani, mpaka nditamawauza ine kuti titsike apa.

Munthu wotere ndingamuuze bwanji kuti mukudwala maganizo? Iwo a madigiri awiri, ine wa tomato.

Pa tiyi ndinayesa. Ndinati, "A Ellard." Anati, "Ee?" Ndinati shuga watsala pang'ono.

Kalata sinabwere. Wapositi sanaoneke.

Lachinayi, 2 December

Sindikudziwa poyambira.

Masiku onsewa ndakhala ndikutsika masitepe nthawi iliyonse chitseko chikamveka. A Ellard ali pakhomo chifukwa cha chipale. Lero 10 inakwana, 12, 1, wapositi zii. Ndinati basi sabweranso, ndinapita kukagula buledi. Anabwera 3 koloko, ine kulibe.

Ndipo kalatayo sinali m'dzina langa. Mwini inshuwalansi ndi a Ellard, ine ndinangolembedwa pansi pawo. Ndinawerenga masamba 48, koma ichi chokha sindinachiganize.

Ndinawapeza atakhala pa bedi, magalasi ali pambali, pepala m'manja. Ndinaliona dzina langa ndili pakhomo pomwe. Tupochele, ndi liwu lija, psychologist.

Anati, "Tupo, bwanji sunandiuze?"

Ndinaima ndi buledi m'manja. Ndinkadikira ukali. Koma nkhope yawo inakwinyika ngati ya mwana, n'kuyamba kulira. Kulira kwenikweni, kwa mapewa. Ankati, "Ndinakutenga kwa amayi ako n'kudzakutsekera m'kachipinda kamodzi, dziko lozizira, wopanda wolankhula naye. Ine osaona. Ndili pompano, osaona."

Misozi imene sinatuluke pa bambo awo yatulukira ine. Pa bodza langa.

Ndinakhala pambali pawo, ndinawagoneka mutu pamiyendo panga. Tsitsi lawo lakula, layamba imvi cha kumakutu. Analira nthawi yaitali, ndipo pakati pake ndinamva akuti "ababa", kamodzi. Pamenepo ndi pamene ndinayenera kunena zoona. Sindinanene. Ndinaopa kuti ndikatsegula pakamwa asiya.

Loweruka, 4 December

Ameta ndevu.

Dzulo anandiletsa kudzuka, akuti lero aphika ndi iwo. Mazira anapserera, alamu ya utsi inalira, mwini nyumba anakwera masitepe ali ndi mantha. Ndinadya onse.

Masana anati tikayende, dokotala aliyense amati kuyenda kumathandiza. Anaona anthu akuvala sokosi pamwamba pa nsapato kuti asaterereke, ndiye anandiveka zawo zakuda zija za ku tchalitchi, atagwada pansi. Tinayenda mpaka pa mlatho atandigwira dzanja, poyera, anthu akuona. Kwathu sitinayambe tachitapo.

Anatenga kabuku ka inshuwalansi kuti aone ngati andiuza zoona. Anakawerenga mphindi khumi zokha. Ataona mizere yanga ya pensulo ndi matanthauzo m'mbali anati, "Wachita zonsezi wekha? Iwe ukanakhala loya." Ndinathawira kukhitchini.

Akuti Lachisanu andiperekeza ku Balbriggan. Adzakhala panja ndi buku, ndikatuluka tidzakaona nyanja.

Atsegulanso laputopu. Tsamba limodzi, anandionetsa. Koma sindikudzinamiza. Amayi awo anaimba m'mawa, ndipo anaiyang'ana foni monga kale mpaka inasiya. Akaganiza kuti sindikuwaona, maso aja amabwerera pakhoma. Adzuka chifukwa akuti pali wodwala woti amusamale. Nanga wodwalayo akachira?

China chimene sindinayembekeze. Amandifunsa kuti, "Lero ukumva bwanji mumtima?" Ndinkati ndipeka yankho. Koma nditatsegula pakamwa panatuluka zoona. Kuti pali masiku amene sinditulutsa mawu kuyambira 8 mpaka 6. Kuti nthawi zina ndimakwera basi kungofuna kuti dalaivala andipatse moni. Kuti mwana wa mchemwali wanga wayamba kuyenda ndisanamunyamulepo. Sindinkadziwa kuti zonsezi ndinazisunga.

Lolemba, 6 December

Apita ku koleji. Ndinawasuzumira pawindo, analoweradi njira ya ku koleji.

Ndinaimbira Mayi Lister. Anaseka mpaka kutsamwa. "Iwe kamwana kachete, ndiwe wa danger! Manje usakambe chilichonse. Mukafika pa door, umugwire dzanja, umukokere mkati. Azachita bwanji, azathawa?" Ndinati ndiganiza.

Ndinaganiza. Kenako ndinaimba ku inshuwalansi, ndinapempha Annie yemwe uja, ndipo anapezeka. Ndinafunsa ngati anthu awiri angalowe pa dzina limodzi. Anati ayi, dzina la pa lisiti likhale la munthu amene wathandizidwa. Anati amuna anga ali ndi maulendo awoawo asanu ndi atatu, osakhudza anga, koma za iwo sangakambe ndi ine, aimbe okha. Ndinafunsanso funso lija ndinalisiya, ngati eni scholarship amaona zimenezi. Anati kwa iwo zimapita za malipiro basi, za matenda a munthu sizituluka. Ndiye mantha onse aja ndinangodzipangira.

Ndinamuuza zoona. Kuti sindine. Anati sindine mkazi woyamba kutero sabata ino.

Ndinaimbanso ku Balbriggan, popeza ndinali nditayamba kale. Mayi uja anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anati munthu wobwera naye mochenjera samulandira, chifukwa ntchito yawo imayamba ndi munthu kufuna yekha. Anati a Ellard aimbe ndi pakamwa pawo lisanakwane Lachinayi 12 koloko. Akapanda kuimba, malowo sangawalembe dzina lawo, ndipo ena otseguka ndi a kumapeto kwa January.

Kenako anafunsa kuti nanga inuyo, mukufuna kubwera? Anati 3 koloko palinso mpata tsiku lomwelo. Ndinati ndiyankha. Ndinakhala ndi foni m'manja mpaka inazima yokha.

Lachiwiri, 7 December

Ndinakonza mawu tsiku lonse. Ndinawayeserera pakhoma ngati a inshuwalansi aja.

A Ellard analowa ndi kapepala ka mu shopu. Magolovesi ofiira, a ubweya mkati. Anati, "A Lachisanu, ku nyanja kumazizira." Anandiveka okha, chala chimodzichimodzi.

Ndinati zikomo. Basi.

Kwatsala mawa lokha.

Lachitatu, 8 December

A Ellard,

Tsamba ili ndikulembera inu. Kabukuka ndikasiya pamwamba pa laputopu yanu. Ine ndapita kwa Mayi Lister, ndibwera ndi basi ya 6. Werengani kuyambira poyamba, musadumphe, ngakhale pamene pakupwetekeni. Pakamwa ndalephera katatu.

Mukafika pano ndiye kuti mwadziwa. Ndinanama. Kalata ija inali yanu. Ndinaika dzina langa chifukwa ndinaopa kukuvulani, ndipo mapeto ake ndakuliritsani pa chinthu chimene sichinali choncho. Ndinauzanso Mayi Lister za m'nyumba mwathu musanandilole. Pa ziwirizi ndikhululukireni. Mukafuna kukalipa, kalipani, ndimva. Bola mawu atuluke.

Koma sabata ino musaitaye. Mazira aja ndinadyadi ndi mtima wonse. Zimene ndinakuuzani za basi ndi za mwana wa mchemwali wanga sizinali zopeka. Munati simunandione. Inenso ndinakuonani, koma ndinabisala. Tonse awiri takhala tikusungana ngati mazira, aliyense kuopa kuswa mnzake, m'chipinda chimene munthu sangatembenuke osagunda mnzake.

Ine si wophunzira, koma ichi ndikuchidziwa. Mmene munandigwirira dzanja pa chipale paja, simunandione ngati wamisala kapena wochititsa manyazi. Munangoona mkazi wanu atatopa. Inenso ndikuona chimodzimodzi. Simunandiseke pamene munkaganiza kuti ndine. Musadziseke tsopano pamene mwadziwa kuti ndinu.

Za ndalama musayambe. Ndafufuza zonse, ndipo inu nomwe munati ndikanakhala loya. Mayiyo ali pamndandanda. Eni scholarship sadzadziwa. Ku Balbriggan kulibe wa ku library.

Ine ndaimba kale m'mawa uno, ndatenga 3 koloko. Imeneyo ndi yanga, m'dzina langa, ndipo ulendo uno si bodza. Ndipita ngakhale inu mukane. Ya 2 koloko ikudikira inu, koma sindingakuimbireni, salola. Nambala ndi iyo ndalemba mkati mwa chikuto, ndaibwereza kawiri, ndi yolondola. Mawa 12 koloko isanakwane.

Mukalowa, ine ndidzakhala panja ndi magolovesi anga. Ndikalowa ine, mudzakhale inu ndi buku lanu.

Chonde ndiyankheni msanga, ndisagone nazo. Ngati pakamwa pavuta monga pandivutira ine, lembani pansipa. Ndasiya mizere isanu, ndipo pensulo ili pakati pa masamba.

Tupo